Ndere za m'Mwala wa Ababa

Ine pakamwa panga pamathamanga kuposa mutu, ndipo amene anandidziwa ndili mnyamata sangatsutse. Amayi ankati ndikaona chinthu chachilendo ndimatetera ngati nkhuku yoti yaikira dzira, mpaka mudzi wonse umve. Ndiye tangoganizani munthu wotereyu atampatsa makina oonera zinthu zosaoneka ndi maso!

Zinali zaka zomaliza za ulamuliro wa Apwitikizi, nthawi imene ankamanga njanji yopita ku Malawi, magalimoto a asilikali akungotisiyira fumbi pamsewu. Ndinali nditangokwatira kumene, ndipo ndinkagwira ntchito pa kachipatala ka ku posito ya Chiuta, kaboma kathu ka m'mbali mwa nyanja. Mkulu wa pamenepo anali afermeru, ndiye kuti namwino, bambo wamtali wosalankhulalankhula, amene ankabaya jakisoni ndi kumanga zilonda. Maso awo atayamba kutopa, anandiphunzitsa kuyeza pa mikorosikopiyo, makina akuda okhala ndi kagalasi kunsi kotapa kuwala kwa dzuwa. Ntchito yanga inali kusuzumira m'mikodzo ya ana odwala likodzo, m'chimbudzi cha odwala njoka za m'mimba, ndi m'magazi a odwala malungo.

Koma ine kukhutira ndi zimenezo? Ayi ndithu. Odwala akatha ndinkaikapo chilichonse chimene dzanja lagwira: mwendo wa udzudzu, mchere, tsitsi la mkazi wanga, phiko la chiswe. Chimene ndinkachikonda koposa chinali dontho la madzi a m'nyanja. Ndere zija timaterereka nazo pagombe, m'makinamo zimaoneka ngati tiulusi tobiriwira totungidwa mikanda, tina tikugwedezeka pang'onopang'ono. Ndinkaziyang'ana mpaka khosi kuuma, afermeru n'kuchita kundikumbutsa kuti kunja kwabwera munthu.

Kumudzi za mikandazo analibe nazo ntchito. Kwa iwo ndinali uja woyang'ana zonyansa za anthu. Amayi sankalola kuti ndipise dzanja m'mbale ndisanasambe ndi phulusa, iwo ali poteropo kuonerera.

Ababa anali msodzi, ndipo madzi anali moyo wawo. Koma atakula khungu lawo linadana ndi madzi. Akangonyowa, manja ndi kumaso zinkasuwa, kenako kung'ambika mpaka magazi. Afermeru anawauza mosabisa kuti mankhwala ake n'kutalikirana ndi madzi, kusamba mwa apo ndi apo basi. Bwato linagona chafufumimba pagombe, maukonde anapita kwa mphwawo. Chimene chinawapweteka koposa chinali kutawaza, kusamba kuja timachita Asilamu tisanaswali, ndiye kuti tisanapemphere. Ashehe a kwathu anawalola kuchita tayamamu, kumene kuli kudziyeretsa ndi fumbi loyera munthu akamalephera kugwira madzi: umamenya zikhatho pa fumbilo, n'kupukuta kumaso ndi m'manja.

Kwathu kugombe miyala ndi yosowa, ponseponse matope ndi mchenga. Koma kuseri kwa minda ya chinangwa kunali kachitunda koyera kumene mbewu zinkakana. Kumeneko ababa anakatola mwala waukulu ngati papaya, wa mizeremizere yosanjikizana, kunja kwake kofewa moti ukaumenya unkasiya fumbi loyera m'zikhatho. Ashehe anauona, anaununkhiza, n'kuvomereza. Ababa ankausunga m'nsalu yoyera, palibe mwana ankaukhudza. Anauswalira zaka zambiri ndithu, komabe mtima sunakhazikike. Akaona anzawo akutawaza pa mtsuko wa ku mzikiti ankayang'ana kumbali.

"Msodzi wosamba fumbi ngati nkhuku," ankatero, akuseka kuseka kosafika m'maso. "Mulungu anandilanda madzi, sindidziwa kuti ndinamulakwira chiyani."

Tsiku lina mbuzi inalowa pakhonde, n'kugwetsa mwala uja pa kampando. Sunasweke, koma kachibenthu kanathetheka pakona. Ndinakatola ndine. Kanali kopyapyala ngati mamba a chambo, ndipo nditakaloza kudzuwa kuwala kunadutsa, kofiirira. Mkati mwake sunali wofewa ngati kunja, unali wolimba ngati botolo. Mukudziwa kale kumene kachibenthu kameneko kanapita.

Ndinakapala pa mwala wonolera mipeni mpaka zala kutentha, ndinakaika pa kagalasi, ndinadonthezapo madzi, n'kutembenuzira galasi lakunsi kudzuwa. Nditasuzumira ndinalumpha, mpando kugwa uko!

Tiulusi! Tambirimbiri, topiringizana, tina toimirira pamodzi ngati udzu, tina togona. Ndipo mwa tina munkaoneka timikanda tija, tondandalikana bwinobwino. Sitinali tobiriwira, tinali tofiirira ndiponso tosagwedezeka, koma maonekedwe ake ndinkawadziwa ngati nkhope ya mkazi wanga. Afermeru anasuzumira n'kunena kuti mwina ndi litsiro. Ndinakatsuka ndi sopo, ndinakawiritsa m'poto wa majakisoni, ndinakabwezera. Tiulusi tili pompo! Sitinali pamwamba pa mwala, tinali mkati mwenimweni.

Njinga ya tsiku limenelo, sindidziwa kuti inapulumuka bwanji. Ndinafika pakhomo ndikufuula ndisanatsike.

"Ababa! Ababa! M'mwala mwanu muli zamoyo! Zinafera momwemo, zosawerengeka!"

Ababa anali pamkeka, nsalu yoyera atafunyulula, zikhatho zili m'mwamba kuti amenye pamwala. Manja anaima pomwepo.

"Waziona kuti?"

"M'makina, ababa! Zikuoneka bwinobwino!"

"Makina omwe aja umaoneramo za m'mikodzo?"

"Eya, omwewo, koma izi zikufanana ndi ndere..."

"Ndere?" Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Iwe, ine ndakalambira pamadzi. Ndere zimamera pamwamba pa chinthu, ndipo zimamera pamadzi. Pachitunda paja unaonapo madzi? Chimene chimalowa mkati mwa chinthu n'kuferamo ndi mphutsi."

Amayi, amene ankasenda chinangwa chapafupi, anaika mpeni pansi. "Pakamwa pakopa, mwana iwe," anatero motsitsa mawu.

Apa m'pamene mutu wanga unafika pamene pakamwa panali patadutsa kale. Kwa ababa, chilichonse chooneka m'makina anga chinali cha mtundu umodzi ndi mazira a likodzo ndi njoka za m'mimba. Ngati mwala unali ndi zoterozo, ndiye kuti unali najisi, wodetsedwa. Ndipo ngati unali wodetsedwa, swala zawo zonse za zaka zimenezo zinali zopanda pake. Anaukulunga mwalawo ndi nsonga za zala, n'kukauika kuseri kwa nkhokwe.

Ashehe anali munthu wosapupuluma. Atamva nkhaniyo anati sangagamule chinthu chimene sakuchidziwa: ngati zofera m'mwalazo zinali zapamtunda kapena zam'madzi, zamagazi kapena zopanda magazi. Anati pakadali pano ababa azigwiritsa fumbi wamba loyera. Koma ababa anali ndi khosi louma, ndipo langali ndinatengera komweko.

"Ngati mwala woyera mbee ngati uja uli ndi zonyansa, nanga fumbi la pabwalo poyenda mbuzi lili ndi zotani?" anafunsa.

Anabwerera ku madzi. Komanso anayamba kubweza swala zonse zimene ankati zinatayika, ndiye kutawaza kwake kunali kosalekeza. Posakhalitsa manja anatupa, zala zinang'ambika m'mfundo monse, kumaso kunasuwa. Madzi a m'beseni ankasanduka ofiira. Amayi ankawadyetsa okha chifukwa sankatha kupota mbamu. Ndikawadandaulira ankangoti, "Manja ndi a m'manda, swala ndi za kutsogolo." Ndinkakwiya, ndinkachita mantha, ndipo kunena zoona ndinkalira panjinga pobwerera ku ntchito.

Komabe chimwemwe cha tiulusi tija sichinandichoke, ndipo ndinkadziwa kuti chowachiritsa ababa chili pa kachitunda komweko. Ndinayamba kupitako Loweruka lililonse ndi nyundo. Abale inu, zimene ndinaona! Malo amene ndinkadutsa kuyambira ubwana osawayang'ana. Miyala ina inali ndi mabowo oongoka, ndipo nditalowetsamo bango linakwana ndendende, mpaka mfundo zake zinali zitadindika m'mbali. Pamwamba penipeni panali dzenje lozungulira la milomo yosalala, ndipo kuchokera pamenepo mwala unkatsika m'masitepe ang'onoang'ono ngati phala lotayikira. Chibenthu chilichonse chimene ndinapala chinali ndi tiulusi. Ndinkavina ndekha pachitundapo, alimi a chinangwa n'kumapukusa mitu. Koma mabango ndi ndere zinafika bwanji pouma chonchi, ndinalibe poyambira.

Yankho linabwera pamachira. Anatibweretsera mzungu wofufuza miyala yothira panjanji, akunjenjemera, mano akugundana. Malungo ake ndinawapeza ndine m'magazi. Atangoyamba kukhala tsonga n'kumwa phala, sindinadikire kuti achire bwino. Ndinamukokera pa makina, afermeru akundikodola kuti ndimusiye munthu wodwala.

Anasuzumira mwaulesi, kenako diso linakakamira pa makinawo. Anatukwana m'Chipwitikizi, kutukwana kwa chisangalalo, n'kundigwira paphewa.

"Wautenga kuti?"

Ndinamufotokozera za kachitunda, za mabango, za dzenje la pamwamba. Ankangogwedeza mutu, maso akuwala ngati malungo abwereranso. Anandiuza kuti kalekale pa dzenje limenelo pankatuluka madzi otentha ochokera pansi pa nthaka. Madzi otero amabwera atasungunula mwala, ndipo akamazizira amausiya pa chilichonse chimene akhudza. M'madzi ofundawo munkakhala ndere zazing'ono zokonda kutentha. Mwala unkazikuta zili moyo, zina n'kumera pamwamba, nazonso n'kukutidwa, mpaka mizeremizere ija. Kasupe anauma, ndere zinatsala.

"Liti?" ndinafunsa.

"Kale kwambiri. Mwina nyanja yanuyi isanakhale pamene ilipa."

"Zinali ndi magazi?"

Anaseka mpaka kutsokomola. Anati funso limenelo sanafunsidwepo. Zinalibe magazi, zinalibe pakamwa, zinalibe matumbo. Zinkangokhalira madzi ndi dzuwa, ngati abale ake a m'nyanja mwathu.

Madzi otentha otuluka pansi! Ndinakumbuka nthawi yomweyo. Tili ana, ababa ankatisimbira za ulendo wawo wokagulitsa nsomba zouma ku Malawi, ndi mmene anasambira pa mawira a kufupi ndi Liwonde, madzi otentha popanda wosonkhezera moto. Ife tinkati akutinamiza.

Nthawi ino ndinaugwira mtima. Ndinayamba kwa ashehe, n'kuwapempha kuti akaone okha. Chidwi chinawagwira, anavomera. Ababa ndiye anakana, ati diso lawo silingasuzumire mosuzumira zonyansa. Ndinalonjeza timagalasi tatsopano tosagwirapo ntchito, ndi kuti makinawo ndiwapukuta ashehe akuona. Amayi ndi amene anamaliza nkhani.

"Pitani, bambo a ana. Mukufuna ndizikudyetsani mpaka liti ngati khanda?"

M'mawa mwake ndinapempha ababa kuti asankhe okha ndere zoti tikafanizire. Anapita pagombe, n'kuloza pansi pa bwato la mphwawo. Ndinapala pang'ono, n'kuika m'kabotolo. Kenako ndinawakweza pa kaliyala ya njinga, pamene pankakhala dengu la nsomba, manja awo okulungidwa nsanza ali pamiyendo. Ashehe ankatitsata pa njinga yawo, mkanjo atauphinira m'chiuno.

Afermeru analola kuti makina atulukire pakhonde, pomwe dzuwa linali bwino. Mzungu uja anali atabwerera kale ku misasa ya njanji, thumba lake litadzaza miyala yanga. Odwala amene ankadikira jakisoni anaiwala matenda, anatizungulira. Ndinapukuta makinawo ndi sipiriti mbali zonse, ashehe akuyang'anitsitsa, ndipo ndinaika magalasi awiri: lina la ndere za pabwato, lina la kachibenthu ka mwala wa ababa.

Anayamba ndi ashehe. Anatsinzina diso lomwe analiika pa makina, n'kunena kuti akuona mdima wokhawokha. Anthu anafa nazo kuseka. Atatsegula diso loyenera anadzidzimuka, n'kubwerera m'mbuyo.

"Subuhanallah! Zikuyenda!"

"Izo ndi za pabwato, ashehe. Tsopano onani za m'mwala."

Anaona, n'kupatuka. "Bwerani, akulu. Izi n'zofuna msodzi."

Ababa anawerama pang'onopang'ono, manja atawabisa kumbuyo kuti asakhudze kanthu. Ndinayamba ndi ndere za pabwato.

"Ndiye nkhope zawo n'zimenezi?" anatero. "Adani anga owoletsa maukonde."

Ndinasintha galasi. Anayang'ana. Ntchentche inatera pakhosi pawo, sanaiingitse.

"Bwezera lija."

Ndinabwezera.

"Bwezeranso linalo."

Tinasinthasintha choncho mpaka ndinaleka kuwerenga. Kenako anadzuka, akupukuta diso ndi phewa.

"Ndi zomwezo. Koma zinakwera bwanji pachitunda?"

Apa pakamwa panga panapeza ntchito yake yeniyeni. Ndinafotokoza zonse: dzenje la pamwamba, mabowo a mabango, madzi otentha osiya mwala pa chilichonse. Ndisanamalize, ababa anandidula.

"Mawira? Ukunena mawira?"

"Eya, ababa, ngati a ku Liwonde aja, koma awa anauma kalekale."

Nkhope yawo yosuwa ija inasintha. Anatembenukira kwa ashehe, mawu akukwera ngati mmene ankaitanira anzawo panyanja.

"Ndinasambapo ine! Madzi oti sungaikemo phazi nthawi yaitali, koma m'mbali mwake ndere zili biriwiri, zoterera. Ndinadabwa kuti sizikupsa bwanji. Ndipo timitengo togweramo tinali titachita chikhungwa choyera, ndinathyola kamodzi ndi manja angawa! Ana awa ankati ndikunama."

"Timati mukunama ndithu," ndinavomera, anthu n'kuseka.

Ashehe anasisita ndevu. Anandifunsa ngati zinali ndi magazi, ndinati ayi. Anafunsa ngati zinabadwira m'madzi n'kufera m'madzi, ndinati eya.

"Nanga matemba timawazinga ngati nkhuku?" anafunsa gulu lonse.

"Ayi!" anayankha anthu.

"Nanga ukatawaza pagombe, ndere n'kukukhudza, umabwereza?"

"Ayi!"

"Ndiye mwalawu ndi woyera kuyambira kunja mpaka mkati. Akulu, swala zanu palibe inatayika ngakhale imodzi. Lekani kuzunza manja amene Mulungu anakubwerekani."

Mayi wina wodikira jakisoni analuluta, afermeru n'kumwetulira koyamba chiwadziwireni. Ine ndinkafuna kukumbatira makinawo. Pobwerera ababa sanasiye kulankhula pa kaliyala, za mawira, za ulendo uja, za mnzawo amene anapsa matako pokhala pamwala wotentha. Njinga inkachita kupepuka.

Tinafika dzuwa litapendeka, nthawi ya swala ya masana itayandikira kutha. Ababa anapita okha kuseri kwa nkhokwe, n'kubwera atafungatira mwala uja pachifuwa. Anandiuza kuti ndiwamasule nsanza za m'manja. Anayala mkeka, anafunyulula nsalu yoyera, koma sanamenye msanga. Anayendetsa chala chong'ambika pa mizere ija, umodzi umodzi, kuchokera pansi mpaka pamwamba.

"Ndiye kuti awa ndi madzi," anatero, osayang'ana munthu. "Zaka zonsezi ndimadandaula kuti anandilanda madzi, chonsecho anali atandisungira anga pachitunda, ine ndisanabadwe."

Misozi inatsika pa masaya osuwa aja, ndipo sanaibise. Inenso pakamwa panga pothamanga paja panasowa mawu.

Amayi sanamve zimenezi, anali kuseri akuphika. Anatulukira ndi beseni m'manja monga ankachitira masiku onse a mavutowo, n'kufunsa ngati awafunditsire madzi otawazira.

Ababa anamenya zikhatho pamwala, kafumbi koyera n'kuuluka.

"Musavutike, mayi a ana. Anga anafunditsidwa kale."